Brixton Academy: Mafunso ndi mayankho okhudza nyumba ya kanema imene inasanduka bwalo la oimba

Anthu amene alowa koyamba mu Brixton Academy, komanso amene amangomva dzina lake pa zimbale za oimba otchuka, amakonda kufunsa mafunso ofanana okhudza chiyambi cha nyumbayi ndiponso zimene yadutsamo. Mafunsowo tawasonkhanitsa pano, kuyambira pa osavuta mpaka pa amene amafuna kufotokoza mozama.

Kodi Brixton Academy n'chiyani, ndipo ili kuti?

Brixton Academy ndi holo yaikulu yochitiramo zoimbaimba imene ili mumsewu wa Stockwell Road ku Brixton, dera la kummwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London, lomwe lili pansi pa khonsolo ya Lambeth. Dzina lake la pa zikalata masiku ano ndi O2 Academy Brixton. Holoyi ikadzaza mumalowa anthu 4,921, ndipo ambiri mwa iwo amaimirira pansi pamene ena amakhala pamipando ya m'mwamba. Kuchokera pa siteshoni ya Brixton, pomwe pamathera njanji ya pansi panthaka ya Victoria line, munthu amayenda mphindi zochepa chabe kuti akafike pakhomo pake.

Kukula kwake n'kwapakatikati. Imaposa kutali timalo ting'onoting'ono tomwe oimba amayambirako, koma siyandikira n'komwe mabwalo akuluakulu monga O2 Arena, momwe mumalowa anthu pafupifupi 20,000. Chifukwa cha zimenezi, gulu loimba likadzaza Brixton Academy, anthu amadziwa kuti gululo lakula, komabe likadali pamsinkhu woti woimba ndi womvera amatha kuonana nkhope.

Kodi n'zoona kuti poyamba inali nyumba yoonetsera kanema?

N'zoona. Nyumbayi inatsegulidwa pa 19 Ogasiti 1929 ndipo inkatchedwa Astoria. Filimu yoyamba kuonetsedwamo inali The Singing Fool, ya Al Jolson, pa nthawi imene mafilimu okhala ndi mawu anali atangoyamba kumene kulanda malo a mafilimu achete. Munali mipando pafupifupi 3,000.

Tiyenera kudziwa kuti kanema wa masiku amenewo sanali wongoonetsa filimu basi. Munthu akagula tikiti ankaonera filimu, kumvera limba lalikulu la Compton limene linali m'holoyo, komanso kuonerera oimba, ovina ndi a nthabwala pansanja. N'chifukwa chake omanga anaikamo nsanja yaikulu kwambiri, pamodzi ndi zipinda zovaliramo ndi malo okwezeramo makatani ndi zokongoletsa. Iwo sankadziwa kuti nsanja imeneyo ndiyo idzapulumutse nyumbayi patapita zaka zoposa 50.

Anaimanga ndani?

Mapulani ake anajambula ndi akatswiri a zomangamanga awiri, Edward Stone ndi Thomas Somerford, ndipo ntchito yonse inadya mapaundi 250,000, zomwe zinali ndalama zochuluka zedi mu 1929. Inali yoyamba mwa nyumba zinayi za kanema zotchedwa Astoria zimene zinamangidwa m'madera ozungulira pakati pa London m'zaka za 1929 ndi 1930. Zina zitatuzo zafotokozedwa m'funso lomaliza. Kampani ya Paramount inatenga nyumba zonse zinayi mu 1930, kenako mu 1939 zinalowa m'manja mwa kampani ya nyumba za kanema ya Odeon, ndipo ya ku Brixton inayamba kutchedwa Odeon Astoria.

N'chifukwa chiyani mkati mwake mumaoneka ngati munthu ali panja usiku?

Zimenezi anachita dala. M'zaka za m'ma 1920 ku America kunabuka kamangidwe ka nyumba za kanema kofuna kuti woonerera aiwale zoti ali m'nyumba, azimva ngati wakhala pabwalo la kudziko lakutali kunja kutada. Ku Brixton anasankha kutengera munda wa maluwa wa ku Italy. Denga analipaka mtundu wa thambo la usiku n'kuikamo timagetsi tooneka ngati nyenyezi, ndipo m'makoma a mbali zonse anaumbamo makonde, zipilala, ziboliboli ndi mitengo yochita kupanga. Pamwamba pa nsanja anamanga chinthu chofanana ndi mlatho wa Rialto wa mumzinda wa Venice. Kunja, khomo lolowera lili pansi pa denga lozungulira ngati theka la mbale yovundikira, lomwe limaonekera patali munthu akamabwera mumsewu.

Anthu ambiri amene ankalowa mu Astoria anali apantchito wamba, okhala m'nyumba zopanikizana ndi zozizira, ndipo sankayembekeza n'komwe kuti adzapondako ku Italy. Kwa iwo tikiti ya kanema inali njira yolowera m'nyumba yachifumu kwa maola ochepa. Zokongoletsa zambiri zidakalipo mpaka lero, ngakhale kuti pa nthawi ya zoimbaimba magetsi a pansanja amazibisa. Munthu wofuna kuziona bwino ayenera kulowa msanga, magetsi a m'holo asanazimitsidwe, n'kukwera kumipando ya m'mwamba.

Kodi kanema anatheranji m'nyumba yokongola choncho?

Vutoli silinali la Brixton yokha. M'chaka cha 1946 matikiti a kanema amene anagulidwa m'dziko lonse la Britain anaposa 1.6 biliyoni, koma pofika mu 1984 anali atatsika kufika pa 54 miliyoni. Wailesi yakanema inalowa m'makomo ambiri m'zaka za m'ma 1950, makamaka pambuyo pa mwambo woveka ufumu Mfumukazi Elizabeth II mu 1953 komanso wailesi yakanema ya ITV itayamba kuulutsa mu 1955. Mabanja amene kale ankapita kukanema mlungu uliwonse anayamba kukhala pakhomo madzulo.

Nyumba zikuluzikulu ndizo zinavutika kwambiri, chifukwa holo ya mipando 3,000 imafuna magetsi, moto wofunditsa ndi antchito ochuluka ngakhale mutalowa anthu ochepa. Eni ake ena anagawa maholo awo kukhala tizipinda ting'onoting'ono, ena anawasandutsa malo ochitira masewera a bingo, ndipo ambiri anangowagwetsa. Odeon Astoria ya ku Brixton inaonetsa filimu yake yomaliza pa 29 Julayi 1972.

Nanga inasanduka liti malo a nyimbo za rock?

Kusinthaku sikunachitike kamodzi. Kunayesedwa katatu, ndipo maulendo awiri oyamba kunalephereka. Mu Sepitembala 1972 kampani ya Rank, yomwe inali mwini wa Odeon, inachotsa mipando yapansi n'kutsegula nyumbayi monga Sundown, malo ovinirako ndi omvera magulu a rock. Sipanapite miyezi isanu, mu Januwale 1973, Sundown inatsekedwa. Kuchokera pamenepo nyumbayi inakhala zaka zingapo ikugwira ntchito ngati mosungira katundu wa kampaniyo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inakonzedwanso n'kutsegulidwa ndi dzina lakuti Fair Deal. Gulu la reggae la UB40 ndilo linaimba potsegulira, ndipo gulu la rock la The Clash linaimbamo mu Julayi 1982, koma ngongole zinachuluka moti chakacho chisanathe malowo anatsekedwanso. Ulendo wachitatu, umene unabala Brixton Academy yomwe tikuidziwa lero, unayamba mu 1983, monga mmene funso lokhudza paundi imodzi likufotokozera.

Kodi inapulumuka bwanji osagwetsedwa?

Inatsala pang'ono. Mu 1974 panali mapulani oti nyumbayi igwetsedwe ndipo pamalopo pamangidwe malo ogulitsira magalimoto ndi omwetsera mafuta, koma mapulaniwo sanatheke. M'chaka chomwecho nyumbayi inalembedwa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri ndi kamangidwe kake, ndipo panopa ili pa mlingo wotchedwa Grade II*, womwe umapatsidwa kwa nyumba pafupifupi 6 mwa nyumba 100 zilizonse za m'kaundulayo ku England. Nyumba yotereyi mwini wake saloledwa kuigwetsa kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo chapadera.

Lamulo lotere limaletsa kugwetsa, koma silifolera denga likamadontha. Nyumba zambiri zotetezedwa zawolera chiimire chifukwa chosowa ntchito, ndipo Astoria nayonso inali panjira yomweyo mpaka pamene panapezeka munthu woibwezera anthu.

Kodi n'zoona kuti inagulidwa ndi paundi imodzi?

Nkhaniyi ndi yoona, ngakhale kuti imafunika kuimvetsa bwino. Mu 1983 Simon Parkes, mnyamata wazaka 23, anapeza ufulu wa lendi ya nyumbayi kuchokera ku kampani yofulula mowa ya Watneys pamtengo wa paundi imodzi. Mgwirizano wake unali wakuti kwa zaka 10 azigulitsamo mowa wa kampaniyo. Kwa Watneys, nyumbayi inali katundu wolemera amene ankangodya ndalama, choncho kuipereka kwa munthu wolonjeza kugulitsa mowa wawo kwa anthu masauzande kunali kwanzeru.

Paundi imodziyo inali mtengo wa pepala chabe. Pamodzi ndi makiyi, Parkes analandiranso udindo wokonza chinyumba chachikale chomwe chinali chitawonongeka, wolipira magetsi ndi antchito, ndiponso wokopa oimba kuti abwere kudera limene ambiri ankalizemba. Anthu awiri kapena magulu awiri anali atagwa kale pantchito yomweyo, monga tafotokozera pamwambapa, ndipo panalibe chotsimikizira kuti iye zimuyendera.

N'chifukwa chiyani oimba otchuka ankazemba Brixton poyamba?

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Brixton inakhala mudzi wa anthu ambiri ochokera ku zilumba za Caribbean. Ena mwa amene anabwera pa sitima ya Empire Windrush mu 1948 anayamba agonekedwa m'chipinda chobisalamo mabomba cha pansi panthaka ku Clapham South, ndipo ofesi yapafupi yofunirako ntchito inali ku Coldharbour Lane ku Brixton, kotero ambiri anakhazikika komweko. Pofika mu 1981 ulova unali utakula pakati pa achinyamata akuda, ndipo apolisi ankawaimitsa ndi kuwasecha m'misewu mopitirira muyeso. Mu Epulo chaka chimenecho kunabuka zipolowe zazikulu zomwe zinachititsa boma kulamula kafukufuku wotsogoleredwa ndi Lord Scarman. Zipolowe zina zinachitikanso mu 1985.

Zotsatira zake, okonza zoimbaimba ambiri ankakhulupirira kuti achinyamata achizungu okonda rock sangayerekeze kupita ku Brixton usiku, ndipo ankakonda kutengera magulu awo ku holo ya Hammersmith Odeon, kumadzulo kwa mzindawu. Mantha amenewa anali osakanikirana ndi tsankho, ndipo n'zofunika kunena mosabisa kuti amene anayamba kudzaza holoyi ndi anthu a ku Brixton enieni. Oimba a reggae a ku Jamaica monga Eek-A-Mouse, Dennis Brown ndi Gregory Isaacs ndiwo anaimika malowa pa zaka zoyambirira, moti Gregory Isaacs anatulutsa chimbale chojambulidwa momwemo mu 1984. Pa nthawi yomweyo Parkes ankabwereketsa nsanja yaikuluyo kwa oimba monga Eric Clapton ndi Dire Straits kuti azikonzekererapo maulendo awo, komanso kwa ojambula mavidiyo a nyimbo, monga a gulu la Wham. Oimba amene anabwera kudzayeserera anaona okha ubwino wa holoyo, ndipo pang'ono ndi pang'ono magulu a rock anayamba kuimbamo pamaso pa anthu.

Kodi kamangidwe ka kanema kamathandiza bwanji pa zoimbaimba?

Chinthu chachikulu ndi pansi pake. M'nyumba ya kanema pansi amamanga motsetsereka kuchokera kumbuyo kulowera kutsogolo kuti mutu wa wokhala kutsogolo usatchinge wa kumbuyo. Mipando itachotsedwa mu 1972, kutsetserekako kunatsala. Choncho ngakhale munthu wamfupi woimirira kumbuyo kwenikweni amatha kuona oimba, chinthu chosatheka m'maholo a pansi pathyathyathya momwe amene ali kumbuyo amangoona misana ya anzawo. Anthu ambiri amene amakonda holoyi amatchula kutsetserekaku asanatchule china chilichonse.

Chachiwiri ndi nsanja ija ya 1929, yomwe imawerengedwa m'gulu la nsanja zokhazikika zazikulu kwambiri ku Ulaya, moti gulu lokhala ndi zida ndi magetsi oyenera bwalo lalikulu limatha kuzikwanitsa zonse. Chachitatu n'chakuti holoyi ndi yotambalala m'mbali, ndipo mipando ya m'mwamba inamangidwa molendewera pamwamba pa anthu apansi, zomwe zimasendeza khamu lonse kufupi ndi oimba. Owerenga magazini ya nyimbo ya NME akhala akusankha malowa kambirimbiri kuti ndi opambana m'dzikolo.

Komabe nyumba yakale ili ndi malire ake. Mu 1996 gulu la Leftfield linakweza zokuzira mawu mpaka fumbi ndi tizidutswa ta pulasitala zinayamba kugwa kuchokera kudenga. Ndiponso makomo ndi chipinda cholandirira alendo zinamangidwira anthu olowa mwadongosolo kukaonera filimu, nkhani imene ikukhudzana ndi ngozi ya 2022 yofotokozedwa m'munsimu.

Ndi zoimbaimba ziti zimene zimakumbukiridwa kwambiri?

N'zambiri moti munthu sangazitchule zonse, koma zina zinalowa m'mbiri. Mu Disembala 1984 The Clash inaimba pothandiza anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha amene anali pa sitiraka yaitali. Pa 12 Disembala 1986 The Smiths inaimba m'holoyi, ndipo uwu unali ulendo womaliza gululo kuimba konsati yathunthu lisanapasuke. Mu 1987 Run-DMC ndi Beastie Boys anabweretsamo chamba cha hip hop, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 malowa anali m'gulu la oyamba ku Britain kuloledwa kuvinitsa anthu usiku wonse mpaka m'mawa. Faith No More inajambuliramo chimbale mu 1990, ndipo Ramones inatsanzikana ndi anthu a ku Ulaya pansanja yomweyi mu Febuluwale 1996. Mu Novembala 2000 Madonna anachita konsati imene inaulutsidwa pa intaneti n'kuoneredwa ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni, chiwerengero chodabwitsa pa nthawi imene intaneti inali yochedwa m'makomo ambiri.

Palinso zoimbaimba zimene zimakumbukiridwa chifukwa choti sizinachitike. Gulu la Nirvana linayenera kuimba mu Brixton Academy mu Epulo 1994, koma mtsogoleri wake Kurt Cobain anamwalira mwezi womwewo. Kubweza ndalama za matikiti onse kukanaigwetsa bizinesiyo, koma anthu ambiri anasankha kusunga matikiti awo monga chikumbutso m'malo mokatenga ndalama.

Kodi holoyi ili ndi ubale uliwonse ndi Africa?

Ubale ulipo, ndipo ndi wakale. Fela Kuti wa ku Nigeria anaimbamo mu 1983, m'chaka choyamba cha Academy. Konsati yomaliza ya The Smiths, imene yatchulidwa pamwambapa, inakonzedwa pothandiza Artists Against Apartheid, gulu la oimba ndi aluso a ku Britain amene ankalimbana ndi ulamuliro watsankho wa ku South Africa. Nelson Mandela nayenso anasankha kukacheza ku Brixton pa ulendo wake wa ku Britain mu Julayi 1996, ngakhale kuti mwambowo unachitikira pamalo ena m'deralo, osati m'holoyi. M'zaka zaposachedwa oimba a chamba cha Afrobeats monga Davido ndi Burna Boy anadzaza holoyi mu 2018 asanayambe kudzaza mabwalo akuluakulu a mumzindawu.

Dzina lakuti O2 linabwera bwanji?

Simon Parkes anagulitsa malowa mu 1995 kwa kampani ya Break for the Border, ndipo umwini utasinthasintha anafika m'manja mwa Academy Music Group, yomwe imayendetsa maholo angapo m'mizinda ya ku Britain. Makampani ena amalipira kuti dzina lawo liikidwe pa maholo amenewa. Kwa zaka zingapo holoyi inkatchedwa Carling Academy Brixton potengera dzina la mowa, ndipo kuyambira mu 2009 imatchedwa O2 Academy Brixton potengera kampani ya mafoni. Anthu ambiri polankhula amangoti Brixton Academy, kapena Academy basi.

Chinachitika n'chiyani mu Disembala 2022?

Usiku wa pa 15 Disembala 2022, woimba wa ku Nigeria Asake ankachita konsati yachitatu komanso yomaliza mwa makonsati ake m'holoyi. Panja panasonkhana khamu lalikulu, ndipo anthu ataunjikana pamakomo n'kukankhana kulowa m'chipinda cholandirira alendo, panachitika mpanipani woopsa. Konsatiyo inaimitsidwa itangoyamba kumene. Anthu awiri anamwalira kuchipatala m'masiku otsatira: mayi wa ana awiri wazaka 33, amene anapita kukaonerera, ndi wachitetezo wazaka 23, amene anali pantchito usikuwo. Mtsikana wina wazaka 21 anavulala modetsa nkhawa.

Pambuyo pa ngoziyi panamveka mawu ena oloza chala chamba cha nyimbozo ndi anthu amene amazikonda. Maganizo amenewo ndi olakwika, ndipo akufanana ndi mantha aja amene ankalepheretsa oimba kubwera ku Brixton m'zaka za m'ma 1980. Mpanipani wapha anthu m'mabwalo a mpira, pa miyambo ya chipembedzo ndi pa zoimbaimba za mitundu yonse, ndipo nthawi zonse mafunso ofunika amakhala omwewo: anthu anayembekezeka angati, mizere inakonzedwa bwanji, makomo anali olimba motani, ndipo ndani anali ndi udindo wolamula zinthu zitayamba kuipa. Mabanja amene anataya okondedwa awo ali ndi ufulu wolandira mayankho omveka pa mafunso amenewa.

Kodi inatsegulidwanso?

Inde, koma patapita miyezi 16. Khonsolo ya Lambeth inayamba yaimitsa chilolezo cha malowa, ndipo mu Epulo 2023 apolisi a mumzinda wa London anapempha kuti chilolezocho chilandidwe. Anthu oposa 100,000 anasaina chikalata chopempha kuti holoyi isatsekedwe mpaka kalekale. Mu Sepitembala 2023 khonsoloyo inagamula kuti malowa akhoza kutsegulidwa ngati eni ake atakwaniritsa mfundo 77, zomwe zina mwa izo zinali kuika makomo olimba, kukonza kaimidwe ka anthu pamizere, kukhwimitsa kagulitsidwe ndi kaunikidwe ka matikiti, ndiponso kuunika mozama chiopsezo cha konsati iliyonse isanachitike. Holoyi inatsegulidwanso pa 19 Epulo 2024, ndipo usiku woyambawo munaimba magulu otengera nyimbo za Nirvana ndi The Smiths.

Nanga nyumba zina zitatu za Astoria zinatha bwanji?

Iliyonse inayenda njira yakeyake. Astoria ya ku Finsbury Park, kumpoto kwa London, yomwe mkati mwake anatengera mudzi wa ku Spain, inasiya kuonetsa mafilimu mu 1971 n'kusanduka Rainbow Theatre. Gulu la The Who ndilo linaimba potsegulira, ndipo Bob Marley anaimbamo mu 1977. Kwa zaka pafupifupi 10 Rainbow ndiyo inali holo yotchuka ya rock mumzindawu, Brixton ikadali mosungira katundu, koma inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 nyumbayo ili m'manja mwa mpingo wa Universal Church of the Kingdom of God, umene umapempheramo. Astoria ya ku Old Kent Road inatsekedwa mu 1968 ndipo pambuyo pake inagwetsedwa. Ya ku Streatham, yomwe ili pamtunda wa makilomita ochepa kummwera kwa Brixton, inagawidwa kukhala zipinda zingapo ndipo ikuonetsabe mafilimu pansi pa dzina la Odeon.